Filimu Yatsopano, Kachinayi

Lamlungu, 6 Julayi

Lero ndiye ndaonera filimu!  Diresi la aphunzitsi lili apo pa makina, sindinalikhudze, lidikire mawa.

Ndinaibwereka dzulo kwa Wamadisiki wa pakona. Nkhani yake: nthawi ya nkhondo, mayi wophika buledi wabisa mwana wa mnzake pansi pa nyumba, kuseri kwa matumba a ufa. Asilikali akubwera m'mawa uliwonse kudzatenga buledi, galu wawo n'kumanunkhiza paliponse. Wosewera mayiyo ndi Nsidze wanga. Dzina lake lenileni n'lopinda lilime, ine ndinamutcha Nsidze kalekale chifukwa mkazi ameneyu salira, sakuwa, amangokweza nsidze imodzi iwe n'kudziwa kuti zavuta. Wakalamba ngati ine ndemwe koma nsidze ikadali yomweyo. Wolemba nkhani ndinamuzindikira mayina asanatuluke n'komwe: Wankhanza uja. Ndani winanso amakukondetsa munthu kenako n'kukamuika pamphuno pa galu?

Chodabwitsa n'chakuti amuna anga, a Mkonono eni akewo, sanagone. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'banja, bambo amenewa ndikangotseka makatani amagona ngati ndawamwetsa mankhwala. Lero maso ali tong'o mpaka kumapeto. Pamene mwana anatsokomola asilikali ali m'nyumba, anandigwira dzanja. Ndinasekera chamumtima.

Mathero sindilemba. Ndi lamulo langa kuyambira ndili mtsikana wong'amba matikiti pakhomo la holo ya kanema: mathero sanenedwa, salembedwa.

Lolemba, 7 Julayi

Ndikuopa.

Masana ndinatenga kope la mafilimu kuti ndilembemo ya dzulo. Ili ndi kope lachikhumi ndi chitatu. Ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo filimu iliyonse imene ndinaonera ilimo: tsiku, osewera, wolemba, malikisi pa khumi. Ndinabwerera masamba m'mbuyo kuti ndione kuti Nsidze ndinamuona liti komaliza.

8 Juni. Mayi wophika buledi, mwana kuseri kwa matumba. "Nsidze ikadali yomweyo. 9 pa 10."

Ndinati mwina ndasokoneza maso. Ndinabwereranso m'mbuyo. 4 Meyi. Mayi wophika buledi. "Nsidze ikadali yomweyo. 9 pa 10."

Malembo ndi anga, zilembo zanga zopendekera zija. Dzulo kanali kachitatu, ndipo ine ndinalumbira mumtima kuti chithunzi chilichonse ndikuchiona koyamba. Ndinakhala pansi pa simenti kope lili pamiyendo, sindikudziwa kwa nthawi yaitali bwanji. A Mk. anandipeza pomwepo, ndinawauza kuti ndagwetsa singano.

Lachiwiri, 8 Julayi

Sindinawauze. Zipi ya aphunzitsi ndasoka mozondotsa, ndamasula, ndasokanso.

Lachitatu, 9 Julayi

Tsiku lonse ndakhala ndikudziyesa mayeso, phazi likupalasa makina, pakamwa ndikutchula.

Filimu yoyamba: ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga anandinyamula paphewa chifukwa cha khamu pakhomo. Mzere wachinayi, mpando wothyoka chotsamira. Kuwala kuchokera pa kabowo kumbuyo, fumbi likuvina m'menemo. Sitima itabwera pa nsalu yoyera ndinabisala pansi pa mpando, holo yonse inaseka. Mkulu woyendetsa makina ankanunkha mafuta ndi fodya. Filimu ikaduka anthu ankaimba malikhweru, iye n'kutulutsa mutu pa kabowo kuja amvekere, "Amene akufulumira akaimate yekha!" Chipewa, wosewera uja sankavula chipewa ngakhale akumenyana padenga la sitima, mafilimu ake khumi ndi anayi ndawatchula onse motsatana. Mafilimu a Wankhanza asanu ndi atatu, ndi anthu onse amene anandiphera.

Ndiye mutu uli bwinobwino, si choncho? Munthu wodwala angatchule zonsezi?

Angatchule. Amayi anga ankaimba nyimbo za ku sukulu osalakwitsa liwu, koma akufunsa chakudya mbale ili m'manja. Zinayamba choncho, tizinthu ting'onoting'ono, ife n'kumaseka. Kenako tinayamba kuwanamiza ngati mwana: eya amayi, agogo abwera mawa, pamene agogowo anamwalira kalekale. Chaka chomaliza bambo anga analowa kuchipinda ndi madzi osamba, amayi n'kukuwa, "Wakuba! Wakuba m'nyumba!" Bambo anaika beseni pansi, anatuluka, anakakhala pakhonde. Nkhope imene anali nayo tsiku limenelo palibe wosewera amene angaikwanitse.

Chimene ndikuopa n'chimenecho. Si imfa ayi.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndinapita kwa Wamadisiki ngati ndikukabweza. Ndinaika disiki pa tebulo n'kufunsa mwaulesi, "Kodi iyiyi yangofika kumene?"

Anayamba kupukuta shelefu yopukuta kale. "Aa, amayi, filimu iliyonsetu ndi yatsopano kwa amene akuikonda."

Ndinati, "Mwana wanga, ine ndinkang'amba matikiti iwe usanabadwe. Ndaibwereka kangati?"

Anakanda m'mutu, anayang'ana kumsewu ngati kuchokera thandizo. "Katatu, amayi. Madala anu anabwera mwezi watha, anati mukaisankha ndizingokupatsani, ndisanene kanthu. Chonde musawauze kuti ndine."

 Ndiye kuti msewu wonse ukudziwa kupatula mwini mutu! Ndinatola disiki ija n'kuibwezera m'chikwama. Anandikuwira kuti ndikhale nayo mpaka kalekale. Pobwerera ndinkawerenga zipata ndi mitengo ya magetsi ngati mlendo, kuopa kuti mwina ndipitirira pakhomo panga.

Lachisanu, 11 Julayi

M'mawa ndikusita kolala ndinakumbukira chinthu, ndipo ayironi inatsala pang'ono kundiwotcha. Dzanja lija. Sanandigwire mwana atatsokomola ayi. Anandigwira asanatsokomole. Ankadziwa.

Ndinawapeza kuseri akukonza mpopi. Ndinaika kope patsogolo pawo, masamba onse atatu nditapinda makona. Anapukuta manja pa thalauza nthawi yaitali.

"Kachiwiri kaja ndinkaganiza kuti mwangoikonda," anatero. "Koma nditaona mmene munadzidzimukira, tulo tinandithawa. Lamlungu lapitali ine filimu sindinaonere, mayi. Ndimaonera inuyo."

"Nanga osandiuza?"

"Munali mukusangalala. Ndikanayambira pati?"

Ndinafunsa ngati pali zina. Anakana, ndinaumirira. Zilipo. Ayironi ndaisiya yoyaka kawiri. Tsiku lina ndinawafunsa katatu ngati mwana wathu waimba foni, pamene ndinayankhula naye ndine. Kasitomala wina ndinamuyeza kawiri sabata imodzi, iwo n'kumunong'oneza panja kuti angovomera.

Ndinawakalipira zedi. Ndinati mwandisandutsa chidole, mwandipangira filimu ine ndili m'kati osadziwa, inuyo wosewera, Wamadisiki wosewera, makasitomala osewera. Ndinati amayi tinkawanamiza chonchi, ndipo tsiku limene anasiya kutikhulupirira anatsala okhaokha m'nyumba yodzaza anthu. Iwo anangoti zyoli, sipanala ili m'manja. Kenako amvekere, "Ndimaopa, mayi. Inenso ndimaopa."

Ndinalira mpaka mpopi ndi ine osadziwika akudontha kwambiri ndani. Tagwirizana zinthu ziwiri: bodza latha, ndipo Lachiwiri tikupita kuchipatala.

Loweruka, 12 Julayi

Ndayesa kukumbukira mathero. Buledi ndikumuona, galu ndikumuona, chifukwa ndinalemba muno. Kuchokera pa kutsokomola kupita mtsogolo kuli mdima. Mwana uja anapulumuka? Anamupeza? Sabata sinathe n'komwe.

Ndafufuza m'kope masamba onse atatu. Mulibe, chifukwa cha lamulo langa lomwe. Ndadzitchera ndekha msampha.

Lolemba, 14 Julayi

Aphunzitsi atenga diresi, akuti lawakhala bwino. Manja akudziwabe ntchito yawo. Ndaika pepala pachitseko: AYIRONI.

Lachiwiri, 15 Julayi

Chipatala. Pa benchi podikirira panali TV ikuonetsa filimu yakale yopanda mawu omveka. Ndinangoona msana wa munthu akukwera hatchi ndinati, "Chipewa uyo, apa atembenuka n'kulavula." Anatembenuka n'kulavula. Bambo wina wa bandeji pambali panga anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Ndinalowa kwa dokotala ndili ndi kamatama.

Dokotala wake ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wanga, wa mawu ofatsa. Anandipatsa mawu asanu kuti ndisunge: mpando, lalanje, mvula, kiyi ndi lina. Anandijambulitsa wotchi, anandifunsa tsiku, ndinayankha bwino chifukwa cha buku lino. Anandiwerengetsa manambala chobwerera m'mbuyo. Kenako anati, "Amayi, mawu aja anali ati?"

Mpando. Lalanje. Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana a Mk. Milomo yawo inkagwedera, akufuna kundinong'oneza ngati mwana wa sukulu, koma anakumbukira pangano n'kuyang'ana pansi. Mvula inabwera mochedwa. Kiyi wandikumbutsa ndi dokotala. Liwu lachisanu lija ngakhale pano lapita.

Akuti zikhoza kukhala zinthu zingapo, zina zimachizika. Atenga magazi, adzajambula mutu pa 29. Ndinamufunsa mosapsatira ngati ndi matenda a amayi anga. Sananame, ndamukonda pa chimenecho. Anati, "Zikhoza kutheka. Tiyeni tione kaye." Anakweza nsidze imodzi pang'ono polemba, ndipo ine nsidze ndimazidziwa.

 Pobwerera a Mk. anandigulira malalanje, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndilembe msanga ndisanadzinamize kuti sizinachitike.

Nditadya masana ndinagona pang'ono pa sofa. Podzuka, pakhomo la kukhitchini panaima mwamuna wa imvi, kapu ili m'manja, akundiyang'ana. Sindinamudziwe. Pakhosi panadzaza mfuu, liwu lomwe lija la amayi. Ndinapuma kamodzi, kawiri. Kenako ndinaona thumba la malaya ake, lopendekera kumanzere, limene ndinasoka ndine chaka chatha ndipo ndakhala ndikunena kuti ndidzalikonza. Nkhope inabwerera pamalo pake.

"Tiyi, mayi," anatero.

Mwina ndi tulo chabe. Aliyense amadzuka mosokonezeka nthawi zina. Mwina.

Pangano ndi pangano, ndinawauza.  Anakhala pambali panga n'kunena kuti, "Ndiye thumbali musalikonze."

Loweruka, 19 Julayi

Ndatulutsa makope onse khumi ndi atatu, ndawayala pa tebulo lodulira nsalu. Loyamba lachita chikasu, likununkha ngati holo ija. Mu lachitatu ndapeza theka la tikiti, ndi mawu akuti: "Mnyamata wa mzere wachiwiri wagonanso. Wabwera kasanu sabata ino, filimu yomweyomweyo, ndipo sanaionepo. Akuti amabwerera wong'amba matikiti." Ndinaiwala kuti ndinalemba zimenezi, koma uku n'kuiwala kwa anthu onse.

Ndiye kuti bambo amenewa kubwereza filimu imodzi chifukwa cha ine sanayambe chaka chino.

Lamlungu, 20 Julayi

Kumapeto kwa kope lililonse ndimakopera mndandanda wa osewera anga a pamtima. Chipewa, Nsidze, ndi ena asanu ndi mmodzi. Zaka makumi awiri sindinawonjezerepo munthu, a masiku ano amangothamanga ndi kuphulitsa magalimoto.

Lero ndawonjezera. Ndalemba ndi zilembo zazikulu, zoti ndidzathe kuwerenga ngakhale mutu utadzakana:

"A MKONONO. Wa imvi, thumba la malaya lopendekera kumanzere. Anasewera munthu wodzidzimuka kawiri konse iwe osazindikira. 10 pa 10. Ameneyu ndi mwamuna wako. Akalowa ndi kapu kapena beseni, si wakuba. Usakuwe. Mupatse dzanja."

Ndawawerengera. Anachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta, amvekere, "Nsidze munamupatsa 9." Ndinati Nsidze sanandiphikirepo tiyi.

Ndatulutsa disiki ija m'chikwama. Ndawauza kuti lero ndikudziwa kuti ndi kachinayi, ndipo ndikufuna kuionera ndikudziwa. Mantha anandigwiranso, ndinafunsa, "Kodi mwana uja apulumuka?" Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, poti bodza tinathetsa. Ndinawatseka pakamwa ndi chikhatho. Limenelo si bodza, ndi lamulo.

Pa 29 pakadali masiku asanu ndi anayi. Ndikuopabe.

Akundiitana, akuti makatani atseka kale. Ndikupita. Dzanja ndiwapatsiratu filimu isanayambe.