Ndege yopanda injini

Lachitatu, 14 Ogasiti, Ngokwe

Tsiku lowawa. Ukwati wanga ndaupha ndekha, ndi foni.

Dzulo ndinaonetsa apongozi kanema wa tchuthi changa ku Joni, kumene anzanga a ku yunivesite anandikweza kandege kopanda injini, kongoyandama pamphepo pakati pa mapiri ataliatali. Ndimafuna aone kuti mkamwini wawo si munthu wamba. Aonadi.

"Mafuta?" anafunsa. Ndinati sikamwa. "Phokoso?" Ndinati zii. Anabweza foni ndi nsonga za zala. "Iyayi bambo, ndege imeneyi kuno timaidziwa. Ife timati lichero."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha.

Lero mwana wa alamu watentha thupi, ndipo palibe amene akutchula udzudzu. Ndawafotokozera mwaukadaulo mmene mpweya wotentha umakwezera kandegeko. Onse agwedeza mutu, akuti ntchitoyi ndikuidziwadi bwino.

Esinati, mkazi wanga, wasamutsira ana kwa amayi ake. Sanakalipe. Wangofunsa, maso pansi, "Inu, ku Joniko munapitadi pa basi?"

Ankhoswe akubwera mawa. Sindinapemphererepo mwana wa munthu wina chonchi, chifukwa akapanda kuchira...