Nati ya Paison pa Mbale ya Ababa

Lolemba, 14 Okutobala

Paison wabweza galamafoni yathu yomwe anatenga kukakonza. Mlamu wanga ameneyu chilichonse cha mawaya amati amachidziwa. Kamutu kogwira singano kanadya matope chaka chomwe madzi anatithamangitsa ku Chiromo, ndiye wapeza kena kwa munthu wa disiko ku Bangula. Sikamalowa pa mkono wa galamafoni. Wakapala ndi tupa, walumikiza mawaya, wamata guluu. Akuti, "Alamu, iyi tsopano yaposa mmene inalili yatsopano."

Ndamuuza kuti mbale ya nyimbo ya malemu ababa asaikhudze ine palibe. Ndi imodzi yokha. Anajambula ndi gulu lawo la ulimba ali pantchito ku Halale, ine ndisanabadwe, ndipo mawu awo kwina kulikonse kulibe. Tsiku la madzi lija amayi anasiya mbuzi n'kusenza mbaleyi mu lichero. Kuyambira pamenepo sinalirepo. Chomwe ndikufuna n'chakuti nyimboyo ilowe mu foni, basi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tayesera pa mbale ya kwaya. Singano kumangodumpha ngati chiwala. Paison wapisa m'thumba, watulutsa nati ya thirakitala ya ku esiteti, wamangirira pa kamutu paja ndi mphira. Kudumpha kwatha. Akuti akale ankaikapo ndalama yachitsulo, nanga nati yalakwanji?

Ndinalola, chitsiru ine. Taika ya ababa.

Mawu awo aja! Anyamata, owala, si aja otsokomola omwe ndimawakumbukira. Ndalira. Amayi anali pamphasa, maso awo osaonawo ali kukhomo.

Pomvera mu foni, zomwe zalowa ndi chigayo cha a Veronika apa ndi Paison akudzitama. Ababa akumveka ngati ali m'chitsime. Ndidikira Lamulungu, chigayo chikatseka.

Lachitatu, 16 Okutobala

Pa singano pali kaufa kakuda. Pa mbale ya kwaya palinso, ndipo mizere yake yatuwa. Ndamuimbira Paison. Akuti ndi phulusa la nzimbe zomwe akuwotcha ku esiteti. Phulusa lolowa m'nyumba n'kusankha singano? Nati ija ikulemera, singano ikulima mbale ngati khasu.

Ndakweza mbale ya ababa pamwamba pa wadirobu. Ndauza aliyense kuti galamafoni isayatsidwe. Dalaivala wa kuntchito walonjeza kundifunira kamutu kenikeni ku Limbe, mwina mwezi wamawa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Kutentha kwa Nchalo. Mutu waukulu. Sindikufuna kuona munthu.

Lachisanu, 18 Okutobala



Ndaweruka msanga. Ndili pa chigayo ndamva ulimba. Ndinayesa wailesi ya wina. Ayi, m'nyumba mwanga. Paison ali pakhonde, wakhala pa ndowa, ndipo mkati ababa akuimba ndi nati pamutu.

Ndathamanga n'kuzula waya. Mbale yatuwa ngati yadzozedwa phulusa. Pakati pomwe ababa amakweza mawu pangotsala phokoso ngati mvula pamalata.

Ndamutukwana mlamu wanga pamaso pa anthu a pachigayo. Ndati ndi wowononga, wodziwa zonse wosadziwa kanthu, wapha ababa kachiwiri. Ndati asadzapondenso pano. Ndimadikira kuti ayambe zifukwa zake zija, phulusa, chinyezi, magetsi. Wangovala nsapato, wakankha njinga, wapita.

Mng'ono wanga Priscilla wandiimbira akulira, akuti, "Achemwali, mwamuna wanga mwamuyalutsa." Ndadula foni. Akalire komweko.

Loweruka, 19 Okutobala

Amayi akana phala, masana akananso kudya. Madzulo andiitana, "Lettie, khala apa."

Akuti ndiwo ankaitanitsa Paison. Lachitatu, Lachinayi, dzulo, ine ndikangotuluka. Iwo saona poika singano. Iye amatsitsa mbale, kuika, n'kutuluka kukakhala pakhonde, poti mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi. Nyimbo ikatha amamuitana abwereze. Akuti anawachenjeza ali panja pomwepo kuti mbale ikutha. Iwo anati, "Ikani."

Nanga mkamwini angakane mawu a apongozi? Nanga akanawatchula pamaso pa anthu dzulo lija? Ndiye anangomeza zonse.

Ndinakwiya kuposa dzulo. Ndati, "Amayi, mwaimaliza! Adzukulu anu adzamva chiyani?"

Iwo akuti, "Nkhabe, mwananga, ayi. Adzukulu sanamudziwe. Ine ndine ndinagona naye njala munthu uja. Iwe ukusunga mbale kapena ukundibisira mwamuna wanga? Singano yako ya ku Limbeyo idzandipeza?"

Ndatuluka panja. Ndakwiyira amayi, ndakwiyira Paison chifukwa chokhala chete, ndakwiyira ababa chifukwa chojambula imodzi yokha ngati analibe nyimbo zina. Ndilibe pomenya.

Lamulungu, 20 Okutobala

Chigayo zii. Pochoka ku tchalitchi ndatuma uthenga kwa Priscilla kuti mwamuna wake abwere. Wabwera, malaya osita, nkhope yolemera. Sindinapepese. Ndangomutulutsira mpando weniweni.

Tayesa opanda nati, singano kudumpha mpaka kumapeto. Tayesa kapamwamba ka botolo, chimodzimodzi. Paison akuti, "Alamu, ndi nati imveka, koma mwina aka n'komaliza." Lero sanadzitame.

Ndati abwezerepo. Ndatseka mawindo ngakhale kukutentha chonchi, nkhuku ndathamangitsira kuseri. Ndauza onse kuti aliyense asatsokomole n'komwe. Foni ndaigoneka pa sipika penipeni. Paison waika singano n'kutuluka.

Ulimba wayamba, wokanda koma womveka. Ababa alowa. Ine ndikungoyang'ana foni kuti ikujambuladi.

Kenako amayi ayamba kuyankha nyimbo.

Mokweza, ndi mawu awo onjenjemerawo, pamwamba pa ababa penipeni.  Mwayi womaliza! Ndatukula dzanja kuti ndiwagwire phewa aleke. Sanandione, saona. Ababa akaponya mawu, iwo kulandira, osaphonya, mutu ukugwedezeka. Zaka zonsezi sindinawamvepo amayi akuimba kunja kwa tchalitchi. Pofika pomwe panalimidwa paja ababa anamira m'phokoso, koma amayi anangopitiriza, akuimba za ababa ndi zawo zomwe.

Dzanja lija ndinalitsitsa. Ndanyamula foni pa sipika, ndaiika pamiyendo pa amayi ikujambulabe.