Nthenga ija itayeni, achemwali

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine kuno ku Joni ndiliko, koma khutu lakumanzere landisowetsa mtendere.

Kufakitale ya mipando ku Marlboro fumbi la matabwa ndi losasimbika. Ndiye tikaweruka ndinkatenga kamtengo ka machesi n'kumatokosa m'khutu mpaka muyere, monga amayi ankatichitira ndi nthenga ya nkhuku. Sabata yatha khutu linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya. Kukiliniki ku Diepsloot nesi ataunikamo anapukusa mutu, n'kundikalipira m'Chizulu chake.

"Sisi, phula lonse mwapita nalo kuti? Limene lija si litsiro. Limagwira fumbi ndi tizilombo kuti zisalowe m'kati. Inu mwalichotsa, n'kudzikandanso bala."

Anandipatsa mankhwala odonthezera, koma mpaka lero mbali imeneyi ndimamva ngati ndamira m'madzi.

Mtima wanga suli m'malo, achemwali. Ndikakhala m'tekisi ndimangoona inu mutamugoneka Tadala wanga pamiyendo Lamulungu m'mawa, nthenga ili m'manja. Ndikudziwa mumatero pomukonda, kuti kutchalitchi asamanene kuti mwana wa mayi wa ku Joni ndi wauve. Alekeni anene! Muzingomupukuta kunja kwa makutu ndi kansalu, basi. Akadandaula kupweteka, thamangani naye kuchipatala.

Mulungu akudalitseni pondilerera mwana. Ine sindimusambitsa, sindimuluka tsitsi. Chimene amalandira kwa amayi ake ndi mawu a pafoni okha, ndiye makutuwo mundisungire.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati