Sabata Yomweta Udzu wa Zione

Lolemba, 20 Meyi

Achimwene abwera. Ndilembenso kuti ndikhulupirire: a Steven abwera, amoyo, akuyenda ndi miyendo yawo.

Dzulo pochokera kutchalitchi tinangopeza munthu atakhala pakhonde la amayi ku Zakazaka, chipewa chitaphimba nkhope. Zaka zonsezi ali ku Joni, foni yawo inasiya kugwira kalekale. Ena ankati anamangidwa, ena ankati tingolira maliro basi. Amayi atawazindikira anangokhala pafumbi ndi yunifolomu yawo ya Mvano, n'kuyamba kulira m'Chilomwe, chimene sindinawamvepo akulankhula chimwalirireni agogo.

Aonda. Katundu ndi kachikwama kamodzi. Sakulankhula zambiri. Zilibe kanthu, bola abwera.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ng'ombe ya mkaka sidziwa kuti kwabwera mlendo. Zione, ng'ombe yathu, afunika udzu wouma wa m'chilimwe, ndiye lero ine ndi bambo a kunyumba, a Luka, tayamba kumweta.

Munda wathu wa m'munsi mwa phiriwu sunakongolepo chonchi, kapena ndi mtima wanga wapepuka, kaya. Udzu wafika m'chiuno, ngala zake zafiirira. Kamphepo kakatsika kuchokera ku Mulunguzi, wonse umaweramira mbali imodzi kenako n'kudzukanso. Mame mpaka chitenje chonse kunyowa. Akakowa pambuyo pathu, kutola ziwala zimene zikwakwa zikuvumbulutsa, opanda ndi mantha omwe. Kumtunda mitengo ya paini ili bii, kamtambo katakhala pansonga paphiri ngati duku. Ndiye fungo lija la udzu wongomweta kumene! Ndinapezeka ndikuimba ndekha. A Luka akuti, “Mayi, mwayamba kwaya m'munda?”

Iwo anatsika dzuwa litakwera, kukapala matabwa kumsika. Ine mpaka masana.

Madzulo ndinakazonda ku Zakazaka. Achimwene agona tsiku lonse. Mpunga anadya ndi supuni, ndi dzanja lamanzere. Lamanja lili m'thumba la jekete chibwerereni. Ngakhale a Luka anawapatsa moni wa mutu chabe.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndaliona dzanja lija.

Ndinawapititsira mkaka m'mawa, n'kuwapeza kuseri akusukusula, jekete ili pachingwe. Zala zitatu zapakati palibe. Chatsala chachikulu ndi chaching'ono. Mabala anapola kale.

“Makina odulira matabwa,” anatero osandiyang'ana. “Amayi usawauze, Pau.”

Ndinawafunsa ngati n'chifukwa chake anasiya kuimba foni. Akuti, “Ndikanaimba ndinene chiyani? Ndinapita kukafuna malata ndi njinga yamoto, ndabwera ndi theka la dzanja.”

Ndinangowathirira mkaka m'kapu.

Pobwerera, pampopi, ndinamva wina akuti, “Wa ku Joni uja wabweratu chimanjamanja.” Anzake kuseka. Chimanjamanja. Akanadziwa.

Kumunda ndamweta mpaka pamwala waukulu. Msana!

Lachinayi, 23 Meyi

Achimwene akuti Loweruka akupita ku Milanje, kwa amalume ku Mozambiki, kumene kulibe owadziwa. Anena izi amayi akusankha nyemba. Amayi sanadzutse ndi mutu womwe, koma nyemba zabwino ankaziponya kumene kuli zofumbwa.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, “Achimwene, takulirani kale kamodzi, mukufuna tikulireninso?” Anangotuluka panja.

Ndatembenuza udzu wonse kuti uume mbali inayo. Wagona m'mizere kutsetsereka ndi munda, wayamba kusanduka wotuwa mobiriwira, ndipo ukaugwira ukulira tswatswa. Mawa ukhala utauma bwino. A Luka apita ku Liwonde kukakhoma zitseko, abwera Loweruka. Kututa ndi ndekha.

Lachisanu, 24 Meyi

Lero! Ndilembe zonse.

Kunacha bwinobwino, koma mphepo inali itatembenuka, yozizira, yochokera kummwera. Nditakwera kumunda ndinayang'ana kumene phiri la Mulanje limaonekera, kulibe, kuli mbuu. Chiperoni. Udzu wouma ukanyowa umachita chuku, ng'ombe singadye, ndiye kuti chilimwe chonse Zione akhala akulira m'khola ndipo mkaka uphwa. Ndinawaimbira amayi, osati kuti abwere, ndi maondo awo aja, koma kungodandaula. Kenako ndinayamba kumanga mitolo ndi kuthamanga nayo kuchisakasa cha pafupi ndi khola. Munda wonsewo, munthu mmodzi. Ndinkatuta misozi ikutsika.

Nditabwerera ulendo wina ndinaona anthu awiri akukwera kanjira ka m'mabulugamu. Patsogolo amayi, zingwe za khonje paphewa. Pambuyo achimwene, dzanja m'thumba. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti anangowauza kuti, “Ku Milanje ndi mawa. Lero ukanyamule udzu wa mlongo wako.”

Poyamba achimwene ankangounjika ndi mapazi ndi dzanja limodzi. Mtolo woyamba unamasuka asanaunyamule. Wachiwiri chimodzimodzi. Nthawi imeneyo nkhungu inali itayamba kutsika paphiri, mitengo ya paini ikuzimiririka umodziumodzi. Ndinamva atukwana chapansipansi, kenako anavula jekete n'kuiponya pamwala. Chingwe anachiluma ndi mano, mbali ina n'kuikola ndi zala ziwiri zija, bondo pamtolo, n'kukoka. Unagwira. Ine sindinayang'ane kwa amayi, amayi sanayang'ane kwa ine. Aliyense ndi mzere wake.

Mphamvu akadali nazo achimwene. Mitolo imene ine ndimaikoka pansi iwo ankangoiponya pamutu n'kumatsetsereka nayo chothamanga, udzu ukuwaphimba mpaka m'mapewa, kumangooneka miyendo. Pena zinziri inabuka pansi pa mulu umene amayi ankaunjika, prrr! Amayi kukuwa kuti njoka, n'kudumpha ndi maondo odwala omwewo. Achimwene anaseka mpaka kukhala pansi. Kuseka kwawo kwakale kuja, kokoka mpweya ngati pampu ya njinga. Ndinali nditakuiwala.

Mawawa anatipeza tili ndi mitolo yomaliza pamutu. Yonyowa ndi yochepa chabe, ndamupatsa Zione adyeretu. Wina wonse uli m'chisakasa, wouma, mpaka kudenga.

Tinakhala momwemo pamwamba pa udzu, tikumwa tiyi wamkaka ndi mbatata, kunja kuli mbuu, pamene tinamweta pali mbee ngati mutu wometa. Fungo lake m'chisakasamo ngati uchi. Achimwene anaiwala jekete kumwala kuja. Atazindikira anafuna kubisa dzanja kukhwapa, koma amayi analigwira n'kuliika pamiyendo pawo. Anangolisisita.

“Ndinaliona tsiku loyamba lomwe,” anatero. “Ndinabereka mwana ine, sindinabereke zala.”

Achimwene anawerama nthawi yaitali. Ine ndinatuluka, ati kukaona ng'ombe.

Loweruka, 25 Meyi

Chiperoni tsiku lonse, phiri silikuoneka. Achimwene sanapite. Akuti msewu wa ku Mulanje ukhala woterera. Msewu wa tala! Sindinatsutse.

Lamulungu, 26 Meyi

Kutchalitchi sanabwere, koma masana anatulukira kuno ku Mbedza okha. A Luka anabwera dzulo, ataona chisakasa anangogwira pakamwa. Lero awiriwo akhala pakhonde ndi chikwakwa changa, kuchitembenuza uku ndi uku. Ndinamva a Luka akuti, “Alamu, vuto si inu, chikwakwachi anachipindira wa dzanja lamanja.” Akuti kumsika kuli a Alufeyo osula zitsulo, angathe kusula china chopindikira kwina, chogwirira apala a Luka.

Za ku Milanje palibe watchula. Inenso pakamwa ndatseka, ndingalaule.

Lachiwiri, 28 Meyi

Kwayera. Phiri latuluka lochapidwa, mwala uliwonse ukuoneka, mpaka timadzi tikung'anima m'matanthwe.

Kunatsala kachigawo ka kumtunda kwa mwala waukulu, kamene chiperoni chinakapeza kasanamwetedwe. Nditatha kukama ndi kukapereka mkaka, ndinatenga chikwakwa kuti ndikamalize. Ndisanafike ndinaona akakowa atatera kale kumeneko. Ndinadabwa kuti akutsata ndani.

Achimwene. Malaya ali pamwala, chikwakwa chatsopano kumanzere, zala ziwiri zija zikukola udzu. Mizere yake yokhotakhota, pena ametera pansi penipeni, pena asiya zitsotso. Chala chachikulu amanga kansanza, chaoneka kuti chalawa kale chitsulo. Koma theka anali atagwetsa.

Anandiona, anapukuta thukuta ndi mkono, n'kuloza ndi chikwakwa kumunsi, kumene tinakolola chimanga chosaoneka bwino chaka chino.

“Pau, malo awo chimanga sichikuyanjana nawo. Mvula ikagwa tidzadzalepo udzu mpaka kukhwawa, ng'ombe imodzi yachepa pano.”

Tidzadzale, akutero.

Ndinangoti, “Chabwino achimwene,” n'kuyamba mzere wanga pambali pawo.