Kabokosi ka pa tsamba 4

ANKOLO NDI DOK
Lolemba, 3 Novembala

Ankolo 06:52
file yako ndaiona koma sindinatsegule. iwe uli ndi zaka zinayi ndinalonjeza mayi ako kuti sindidzakuonetsa njira yopitira kunja. linali tsiku loika bambo athu, mayi akowo ali kumanda, ine ndili pa foni kutsidya la nyanja ndi mapepala 180 a ana asukulu oti ndichonge. anati m'banja muno watayika mmodzi, zakwana. ndinati chabwino achemwali

Dok 06:55
ankolo nkhani imeneyi ndaimva ka 100

Dok 06:55
njira ndaipeza ndekha pa internet. inu mungowerenga statement yanga basi pls

Dok 06:57
ndi masters ya soil science. department ikupereka ma assistantship atatu, amakulipirira fees ndi ka stipend, iwe umathandiza ku lab ndi kuphunzitsa ma first year. deadline 1 dec

Ankolo 07:10
ukundifotokozera ine assistantship? ndinakhalira imeneyo zaka 7. ndi uganyu wokhala ndi library card

Ankolo 07:12
ndiye ma university onse ali padziko pano iwe wasankha department yanga yomwe ija

Dok 07:13
ndakula ndikuona chithunzi chanu pakhoma la sitting room, muli pa masitepe a building imeneyo ndi chijasi chachikulu. mumati ndisankha kuti?

Ankolo 07:31
chijasicho chinali chobwereka. mayi ako akudziwa?

Dok 07:32
adzadziwa ndikapeza malo. ndiwalizirenji pachabe

Dok 12:40
ankolo?

Dok 17:05
ma tick ndi a blue, ndikukuonani

Lachitatu, 5 Novembala

Ankolo 09:14
kuwerenga si kuonetsa njira. ndawerenga. ndime yoyamba ufufute yonse

Dok 09:20
yonse??

Ankolo 09:22
"I humbly beg your good office to consider me, a poor girl from a humble background." wagwada iwe, maondo apweteka anga. anakuphunzitsa zimenezi ndani

Dok 09:23
aliyense amalemba choncho ankolo. ndi ulemu

Ankolo 09:31
🎤 voice 1:08
Tamvera Dok. Kalata imeneyi adzaiwerenga munthu wotopa, patebulo pali ma application mazana atatu, khofi wazizira. Sakufuna wosauka woti amumvere chisoni. Akufuna munthu woti amusiyire makiyi a lab iye n'kupita kumsonkhano mtima uli m'malo. Iwe zaka ziwiri wakhala ukuyeza dothi la alimi kuntchito kwakoko. Unatulukira kuti makina a pH akunama, abwana ako akukana, iwe n'kubwereza ma sample makumi asanu ndi limodzi pamanja mpaka anavomera. Nkhani ngati imeneyo waikankhira pansi pa tsamba lachiwiri ngati katundu wakuba. Yambira pamenepo.

Dok 09:40
zikumveka ngati kudzitama

Ankolo 09:41
kudzitama n'kunena zomwe sunachite. makinawo anakonza ndani?

Dok 09:41
ine

Ankolo 09:42
lemba choncho. komanso mawu oti passionate alimo kasanu. usiye kamodzi, enawo ugawire anzako

Dok 09:43
kkkkk ndinu ankhanza

Ankolo 09:50
nkhanza ndi kubwerera kwanu patatha zaka 27 n'kupeza library imene unaiwerenga shelefu ndi shelefu akugulitsiramo ma cover a foni. ndinafunsa kuti mabuku anapita kuti, anandifunsa kuti foni yanga ndi model yanji

Lachinayi, 20 Novembala

Ankolo 13:02
ma referee atumiza?

Dok 13:15
awiri atumiza. a supervisor anga akale andipatsa kalata ya pa pepala mu envelopu, zidindo zitatu, akuti ndiipititse ndekha

Ankolo 13:17
ukwere nayo ndege? pita ku office kwawo, uwatsegulire link, uime pambali pawo mpaka adine submit. usakhale pampando, ukakhala ayamba kukusimbira za ulendo wawo wa ku conference

Dok 16:48
zatheka. za conference andisimbirabe

Lachisanu, 28 Novembala

Dok 15:20
submitted ✅

Ankolo 15:34
draft yomaliza ija ndinaiwerenga katatu. ndinachongapo ma statement ambiri pa moyo wanga, yako ndikanaiika pamwamba. usazolowere, sindibwereza

Dok 15:35
ndatenga screenshot

Lolemba, 16 Febuluwale

Dok 10:03
ANDITENGA

Dok 10:04
admission letter yafika ankolo

Ankolo 10:05
tumiza

Dok 10:05
📎 offer.pdf

Ankolo 10:19
Dok. ndime yachitatu waiwerenga? akuti "self-funded". za assistantship palibe

Dok 10:21
mwina ibwera kalata ina payokha?

Ankolo 10:22
siimabwera payokha. nditumizire application yonse momwe unaitumizira

Dok 10:30
📎 application_final2.pdf

Ankolo 10:52
tsamba 4, pansi. pali kabokosi, "I wish to be considered for a graduate assistantship". sunachonge

Dok 10:58
ndinakaona

Ankolo 10:58
unakaona

Dok 11:06
🎤 voice 0:41
Ankolo musandikalipire kaye. Ndinaona ngati ndi mwano. Anthu sanandilandire n'komwe, mpando sanandipatse, ine ndayamba kale kufunsa za ndalama? Mami anatilera kuti kwa eni ake sufunsa kuti mwaphika chiyani, umakhala phee mpaka akuitane. Ndimati akandilandira adzandifunsa okha kuti kodi ukwanitsa bwanji. Mu statement ndinalembamo kuti ndimakonda kuphunzitsa, ndimati amva.

Ankolo 11:20
kumeneko ukakhala phee amati wakhuta. ine winter yoyamba ndinagona ndi chijasi chija miyezi itatu poopa kufunsa mwini nyumba kuti heater amayatsa pati. switch inali kuseri kwa chitseko

Ankolo 11:22
mwazi wake ndi womwewu. lembera graduate office pompano. mizere inayi, osagwada

Dok 14:47
ayankha. akuti list ya funding inatengedwa kwa okhawo amene anachonga, committee ikumana pa 27. akuti kusintha form panopa ndi head of department yekha angalole

Dok 14:49
ndamulembera head. auto reply, akuti ali ndi ma email ambiri

Lachiwiri, 17 Febuluwale

Dok 08:10
ankolo, head ameneyu dzina lake ndalionapo. si mayi uja ali pambali panu pa chithunzi?

Ankolo 08:44
ndi yemweyo. tinakhala office imodzi zaka zisanu, iye desk ya pa windo, ine ya kuchitseko. lero iye ndi professor, ine ndimaphunzitsa ana a eni ake chemistry pa khonde

Dok 08:46
mulembereni pls. line imodzi yokha, angotsegula email yanga

Ankolo 09:15
ndinachoka osatsanzika. department itandikana ntchito ya permanent kachitatu ndinangosiya makiyi mu drawer. iye anandilembera kawiri, sindinayankhe

Ankolo 09:17
komanso kuwerenga n'kwina, kulemba n'kwina. ndikalemba ineyo ndiye kuti ndakutsegulira chitseko ndi dzanja langa. mayi ako ndidzawayang'ana bwanji

Dok 09:30
ok

Dok 09:52
fees yake ngakhale titagulitsa nyumba siingakwane. basi ndasiya. zikomo pondiwerengera

ANKOLO NDI MAMI
Lachinayi, 19 Febuluwale

Mami 11:05
achimwene mwadzuka? mwana wanuyu sakudya. akabwera kuntchito amangolowa kuchipinda. ndafunsa ngati ndi mwamuna, akuti ayi. inu amakuuzani zonse

Ankolo 11:40
ndadzuka achemwali. ndi zakuntchito, zitha

Mami 11:44
mumulankhule. ine ndili ndi yekhayu. akadwala ndithawira kwa ndani, kwa inu amene simudziwa ndi kuphika phala lomwe?

Ankolo 11:46
phala ndimadziwa

Mami 11:47
limene munapsereza poto wanga lija? Lamlungu mubwere ndi babu, la kukhitchini lapsa

ANKOLO NDI DOK
Lachisanu, 20 Febuluwale

Ankolo 07:30
wadya?

Ankolo 12:15
Dok

Ankolo 16:02
ma tick ndi a blue, nanenso ndimaona

Dok 16:40
ndili bho ankolo. ndili ndi ma sample ambiri

Lachiwiri, 24 Febuluwale

Dok 15:11
ankolo

Dok 15:11
ankolo mwachita chani

Dok 15:12
head wandilembera YEKHA. akuti form aitsegulanso mpaka mawa, ndichonge kabokosi. akuti akufuna tilankhulane pa video lachinayi

Dok 15:14
pansi walemba kuti "tell your uncle his plant is still alive". plant yanji?

Ankolo 15:40
kamtengo ka mu chitini, ndinakasiya pa windo lake. ndimayesa kanauma kalekale

Dok 15:41
ndiye munalemba

Ankolo 15:43
chonga kabokosiko kaye, unditumizire screenshot. sindikukhulupiriranso

Dok 15:50
📷 chithunzi

Ankolo 15:51
chabwino

Dok 15:52
munalemba chani?

Ankolo 16:10
🎤 voice 0:57
Sindinakupemphere malo, usadzaganize choncho. Ndinapepesa za makalata ake awiri aja, zimenezo ndi zanga. Kenako ndinati pali mwana wa mlongo wanga, sanachonge kabokosi chifukwa cha matenda omwe aja anandigoneka ine ndi chijasi, nkhani ya heater amaidziwa. Ndinati werenga ndime yoyamba ya statement yake, ikapanda kukugwira uitaye, sindidzalembanso. Basi. Ndinaifufuta kanayi ndisanatumize. Zina zonsezi ndi makina ako a pH.

Dok 16:14
😭

Ankolo 16:15
misozi isunge. lachinayi ukhale pomwe pali kuwala, osati kumbuyo kuli makatani a mayi ako a maluwa aja. akakufunsa ngati uli ndi funso usanene kuti ayi. funsa maola angati pa week, ma lab angati, stipend imayamba mwezi uti, insurance alipira ndani

Dok 16:17
zonsezo? adzati mtsikanayu ndi wadyera

Ankolo 16:17
tsamba 4

Dok 16:18
ok ok ndamva

Lachinayi, 26 Febuluwale

Dok 17:22
zatha. mphindi 40. anandipatsa ma results a dothi kuti ndiwafotokozere ngati ndikuphunzitsa first year. ndinapezamo column imodzi ma units olakwika, ndinawauza

Ankolo 17:24
unawauza kapena unapepesa kaye?

Dok 17:25
ndinawauza. bambo wina wandevu anaseka, akuti anaika dala

Ankolo 17:26
ndevu ameneyo ndikumudziwa. sanaike dala

Lachisanu, 6 Malichi

Dok 09:48
📎 assistantship_offer.pdf

Dok 09:48
fees yonse. stipend. maola 20 pa week. zaka ziwiri

Dok 10:30
ankolo mulipo?

Ankolo 11:02
ndilipo. ndinapita kokapulinta. wa pa shopu anafunsa ngati ndi yanga, ndinamuuza kuti ndi ya mwana wa mlongo wanga, mwa anthu mazana atatu atenga atatu. sanafunse zambiri koma ndinamuwerengera yonse. pamzere panali anthu asanu ndi mmodzi, amva onse

Dok 11:04
ankolo manyazi 🙈

Ankolo 11:09
ndinakutcha Dok uli ndi zaka 6, utandiuza pa foni kuti nyerere za pakhomo wazigawa mitundu inayi. sindinalakwitse

Ankolo 11:15
tsopano tamvera. jasi ugule yako, yobwereka imakhala pa chithunzi moyo wonse. kamtengo kaja ukakathirire. ndipo foni ikadzalira kuti kuno kwagwa zovuta, mapepala usiye patebulo, ukwere ndege. adzachonga ena. ine palibe anandiuza

Dok 11:20
ndamva

Dok 11:26
mami ndiwauza lamlungu. ndinena kuti zonse ndapanga ndekha, dzina lanu silituluka. head sadzakumana nawo

Ankolo 11:40
ayi

Dok 11:41
ankolo adzasiya kukulankhulani. mwangobwera kumene zaka ziwiri, kwina mumadya kuti lamlungu?

Ankolo 11:58
iwe udzawaonetse kalatayo, ndi yako, ainyadire bwinobwino. zinazo ndiyamba ndine

Dok 11:59
mudikire kaye tikambirane

Dok 12:10
📞 missed call

Dok 12:11
📞 missed call

ANKOLO NDI MAMI
Lachisanu, 6 Malichi

Mami 12:20
achimwene mwanayu lero wandiimbira akuseka, akuti madzulo abwera ndi keke. kaya munamuuza chiyani koma zikomo. Lamlungu musachedwe, ndipo babu lija munagula lolakwika

Ankolo 12:34
achemwali, Dok wapeza malo a masters ndi assistantship ku department yanga yakale. anyamuka pa 12 Ogasiti. statement ndinamuwerengera ndine. kalata yopita kwa head ndinalemba ndine

✓✓ 12:35