Madzi amene amayi adapatsa alendo

Achimwene,

Moni kuchokera kuno ku Kandeu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife tilipo, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Chiyambireni kuthira mumtsinje wathu madzi ochokera kuzimbudzi za kusekondale, amene akuti amayamba awathira mankhwala, matemba ndi nkhanu zikungofa. Tidadandaula mpaka oyeza madzi adabwera. Adasiyira amayi botolo kuti atungiremo madzi a pamene timachapira paja, adzalitenge m'mawa mwake. Amayi adachita manyazi kupatsa alendo madzi onunkha, ndiye adakatunga pamjigo.

Dzulo yankho lidabwera loti mtsinje uli bwinobwino, sabweranso.

Amayi akukondwa kuti alendo adawalandira mwaulemu. Ine kuwauza kwandikanika. Chonde muwaimbire ndinu, koma musawakalipire.

Mulungu azikusungani.

Ndine mlongo wanu,
Esinati