Bokosi la Zuwena

Lolemba, 3 Malichi

Mabokosi a kuholo ndamaliza, onse anayi. Kutalika masentimita 60, monga anandiuzira Kochi Mhando. Ndi olumphirapo ana ake onyamula zitsulo, akuti miyendo izikhala ndi moto. Bokosi lachisanu ndakhomera kunyumba, la mwana wanga wamkazi Zuwena. Zaka 19, thupi lake makilo 59, koma amakweza 78 pamwamba pa mutu. Ine ngakhale makilo 40 sindingathe. Mpikisano wosankha timu yopita ku Dar, ku Tanzania, uli pa 29. Masiku 26.

Lachinayi, 6 Malichi

Zuwena wabwera kushopu nkhope ili gwa. Mwanahawa, amene akulimbirana naye malo, waika kanema pa foni akulumphira bokosi la 80. "Baba, mwandikhomera kampando kochapira. Onjezerani pang'ono, Kochi safika kuno." Ndakana kawiri. Kachitatu ndatenga hamala. Miyendo inayi, uliwonse 15. Tsopano 75.

Lachiwiri, 11 Malichi

M'mawa uliwonse amalumphira bokosi kuseri kwa nyumba, ka 30. Akufika pamwamba ndithu. Koma amatera atanjuta, matako pa zidendene, mawondo m'makutu. Ine ndinawomba m'manja. Amake akukazinga chapati anati, "Mwana akutera ngati chule, inu mukuwomba m'manja." Tinaseka tonse atatu.

Loweruka, 15 Malichi

Bondo lakumanzere latupa. Ndayeza ndi tepi yanga. Lakumanja 36, lakumanzere 39. Akuti ndisauze Kochi. Sindinawauze.

Lachitatu, 19 Malichi

Kochi abwera okha. Anamuona akutsimphina kuholo. Apeza bokosi kuseri, abwereka tepi yanga yomweyo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Anati, "Amisiri, bondo lipinde potera monga linapindira ponyamuka. Pang'ono chabe. Akatera atanjuta ndiye kuti sanalumphe, wangokoka miyendo. Chakwera ndi bokosi lanu, mwana ali pomwe anali."

Akuti bondo lomwelo limanyamula zitsulo masana, ndiye ife tinaliwonjezera katundu m'mawa. Ndawerengera. Kuyambira pa 7 mpaka pa 14, masiku 8, ka 30 patsiku. 240. Ka 240 pa miyendo yokhoma ine.

Loweruka, 22 Malichi

Kuchipatala kuyambira 7 koloko mpaka 1. Adokotala akuti mtsempha watupa koma sunaduke. Apume masiku 28, akaukakamiza ukhoza kuduka. Mpikisano masiku 7. Pobwerera m'minibasi Zuwena maso pawindo. Anangoti, "Musawerenge, Baba. Ndikuiona milomo yanu."

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndazula miyendo ija. Misomali 16, yonse yatuluka yowongoka. Ndinakhoma bwino kwambiri. Ili pa benchi, sindikudziwa chochita nayo.

Zuwena akuti akanyamulabe. Timu amasankha kamodzi pa chaka, ndipo dzina lake lili kale pa mndandanda. Kochi amuletsa, koma akuti ndi wamkulu, sangamumange chingwe. Amake alira, kenako andiloza ndi chikombe chophikira: "Munamvera iye pokweza, lero akumvereni inu potsitsa. Kamuuzeni."

Ndinapita. Ndinaima pakhomo la chipinda chake. Anali atakhala pansi, madzi oundana pa bondo, akupukuta nsapato zonyamulira. Ndinamufunsa ngati wadya.

Lachisanu, 28 Malichi

36 ndi 38. Latsika ndi 1 yekha. Anandilola kuyeza, koma sanandiyang'ane. Ntchito ya zitseko za kusukulu ndalakwitsa kawiri, thabwa limodzi lawonongeka. Zaka 31 ndikugwira matabwa. Thabwa likang'aluka ndimadziwa pomata. Ili si thabwa, ndi bondo.

Loweruka, 29 Malichi

Ndadzuka 6 koloko, chikwama chake palibe. Nsapato palibe, lamba palibe. Tepi yanga ndaipeza pa bokosi kuseri. Pathabwa walemba ndi pensulo yanga: 36, 37. Pansi pake, "Latsika, Baba."

Kapena latsikadi. Kapena anakoka tepi mwamphamvu. Ndinamuphunzitsa ndine kuyeza, akudziwa.

Kuyeza thupi pa sikelo 8 koloko. Kunyamula 10. Tsopano 9:20. Kuholo ndi mphindi 25 pa njinga. Amake aima pakhomo ndi makiyi a loko ya njinga m'manja. Nsapato ndavala. Ndikafika ndikaima kutsogolo kwake, ndikamugwira dzanja, ndikamuuza kuti...